Chingwe cha nayiloni m'bondo la ng'ombe: kodi chingalowe m'malo mwa mtsempha woduka?

Galu akaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo, madokotala a ziweto ku Ulaya ndi ku America sadodoma nazo. Opaleshoni yake amaichita kawirikawiri, ndipo agalu ambiri amayambanso kuthamanga pakapita miyezi yochepa. Ng'ombe ikaduka mtsempha womwewo, nthawi zambiri ulendo wake umathera kubutchala. Chonsecho mawondo a nyama ziwirizi anapangidwa mofanana ndithu, ndipo mtsemphawo umagwira ntchito imodzimodzi. Pamene zasiyanira ndi pa kulemera. Galu wamkulu amalemera makilogalamu 30 kapena 40, pomwe ng'ombe ya mkaka ya mtundu wa Holstein imafika 600 mpaka 700, ndipo nkhunzi za mitundu ina zimapitirira 1,000. Kwa zaka zoposa 50 madokotala akhala akusakasaka chinthu choti aike m'bondo la nyama yolemera chotere koma osaduka. Masiku ano maso ali pa zingwe zopangidwa kufakitale, za nayiloni ndi za waya woluka.

Tiyambe tagwirizana za bondo lenilenilo, chifukwa pa ng'ombe n'losavuta kulisokoneza. Pamene ng'ombe imagwadira ikafuna kugona, pa miyendo yakutsogolo, m'pamene munthu amavala wotchi. Mfundo yosongoka ya mwendo wakumbuyo, yoloza kumbuyo ija, ndi chidendene. Bondo lolingana ndi lathu lili m'mwamba, pafupi ndi mimba, lobisika m'minofu, pamene fupa la ntchafu limakumana ndi fupa la msongolo. M'kati mwake muli mitsempha iwiri yaifupi koma yolimba, yopingasana. Wakutsogolo, umene madokotala amautcha cranial cruciate ligament, ndiwo umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo ng'ombe ikaponda pansi, ndiponso umaliletsa kupotokera m'kati. Pakati pa mafupa awiriwo pali tizidutswa tiwiri ta chicherewecherewe totchedwa meniscus, timene timalandira kulemera kwa thupi kuti mafupa asamakhulane. Tizidutswa timeneti tizikumbukire, chifukwa nthawi zambiri ndito timagamula mlandu wonse.

Mtsempha wakutsogolowu umatha kuduka mwadzidzidzi. Ng'ombe yaikazi ikamafuna nkhunzi imakwera zinzake, nazonso n'kumaikwera, ndipo zikachitikira pa simenti yonyowa ndi ndowe, mwendo umaterereka thupi lonse lili pamwamba pake. Nkhunzi zimavulala pomenyana kapena potsika pamsana pa yaikazi. Ng'ombe yongobereka kumene, imene miyendo yafooka chifukwa chochepa kasiyamu m'magazi, imadzipweteka yokha polimbana kuti idzuke. Koma nthawi zina mtsempha umadyeka pang'onopang'ono, makamaka pa nkhunzi zonenepa kwambiri za miyendo yakumbuyo yowongoka mopitirira muyeso, ndipo tsiku lodukalo limangotsiriza zimene zinayamba kalekale. Bondo lotere limakhala litawonongeka kale m'malo enanso, ndipo la mwendo winawo kawirikawiri limakhala likutsatira.

Mlimi amaona ng'ombe ikutsimphina, ikungoponda ndi nsonga ya chiboda. Ambiri amathamangira kuyang'ana kuchiboda, ndipo salakwa, popeza kutsimphina kwa ng'ombe kochuluka kumachokera komweko. Koma chiboda chikapezeka chili bwino, dzanja likwere m'mwamba. Bondo lovulala limatupa ndi madzi, ndipo ng'ombe ikamayenda nthawi zina mumamveka kugogoda, fupa likutsetsereka n'kubwerera. Dokotala amaima kumbuyo kwa ng'ombe, kutsamiza phewa pantchafu yake, kukolowekera manja onse awiri kutsogolo kwa fupa la msongolo, n'kukokera kwa iye. Ngati mtsempha unaduka, fupalo limabwerera m'malo mwake, ndipo akalisiya limathawiranso kutsogolo. Kumene kuli zipangizo amajambula bondolo kuti aone ngati mtsempha sunazule kachidutswa ka fupa poduka, ndipo ena amalowetsamo kakamera kuti aone meniscus ndi maso. Pakapita masabata angapo minofu ya ntchafu ndi ya thako imafota, mbali yovulalayo n'kuoneka yophwa.

Fupa likathyoka limalumikizana, khungu likang'ambika limapola. Mtsempha uwu ayi. Uli m'kati mwa mfundo momwe muli madzi oterera ofewetsa mafupa, magazi amafikamo ochepa, ndipo nsonga ziwiri zodukazo zimafota osakumananso. Ukangoduka wonse, wapita. Kuitsekera ng'ombe m'khola kuti ipume kumachepetsa ululu kwa kanthawi, ndipo yaing'ono, kapena imene mtsempha unangong'ambika pang'ono, imatha kupeza bwino. Koma yolemera, nthawi iliyonse ikaponda, fupa la ntchafu limapera meniscus, makamaka ya mbali ya m'kati, mpaka kuing'amba. Chicherewecherewe chokuta mafupa chimadyeka, nyamakazi n'kukhazikika. Mwendo wabwinowo nawo umatopa ndi kusenza katundu wa miyendo iwiri, ndipo mfundo zake zimayamba kugwa. Apa m'pamene ng'ombe zambiri zimagonera osadzukanso.

Kuyesa kukonza kunayamba kale. Pa agalu, Saki Paatsama wa ku Finland anafotokoza mu 1952 njira yoboola mafupa n'kupisamo kalamba kodulidwa pa nembanemba yolimba ya ntchafu ya galu yemweyo. Pa ng'ombe, mmodzi mwa oyambirira anali C.F.B. Hofmeyr wa ku Onderstepoort, sukulu ya madokotala a ziweto ya pafupi ndi Pretoria, amene analemba mu 1968 za kukonza mtsemphawu pa nkhunzi. Mu 1982 madokotala Nelson ndi Koch anafalitsa njira yosalowa m'kati mwa mfundo: kupinda ndi kusoka mothinitsa nembanemba zozungulira bondo kuti ligwirane molimba. Njirayi ndi yosavuta poyerekeza ndi zina ndipo imathandiza ng'ombe zopepuka, koma pa zolemera ulusi umang'amba minofu kapena kumasuka. Ena anadula kalamba pa mtsempha wa mnofu waukulu wa kunja kwa ntchafu n'kukapisa m'kati mwa bondo, m'njira imene mtsempha wodukawo unkadutsa. Ubwino wake ndi woti thupi silikana chinthu chake chomwe. Vuto ndi loti kalamba kotere kakasamutsidwa kamayamba kafooka kwa masabata ambiri, magazi asanakalowerere, ndipo ng'ombe siidikira. Munthu amapatsidwa ndodo n'kuuzidwa kuti asaponde. Ng'ombe imadzuka tsiku lomwelo n'kuponda ndi thupi lonse.

Ndiye chifukwa chake maganizo anatembenukira ku chingwe chochita kupanga, chimene chimakhala ndi mphamvu zake zonse kuyambira tsiku loyamba.

Funso loyamba linali lakuti chingwecho chikhale cholimba motani. Gulu la Andrew Niehaus ndi David Anderson ku Ohio State University linatenga mawondo a ng'ombe zophedwa kale n'kumakoka mtsemphawo pa makina mpaka utaduka. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinaonetsa kuti umaduka pa mphamvu ya manyutoni pafupifupi 4,500, kutanthauza ngati kuukolekera katundu wa makilogalamu 460, ngakhale panali kusiyana kwakukulu pakati pa ng'ombe ndi ng'ombe. Ulusi wamba wosokera pa opaleshoni sufikako n'komwe. Iwo anayesa nayiloni wokhuthala wa mtundu umene asodzi a panyanja zamchere amawedzera nsomba zikuluzikulu, wopirira makilogalamu pafupifupi 200 chingwe chimodzi, ndipo anapeza kuti zingwe zingapo zikalukidwa pamodzi zimatha kuposa mphamvu ya mtsempha weniweni. Pambuyo pake, pa yunivesite yomweyo, Joseph Lozier ndi anzake anayesa chingwe chokulirapo, chopirira makilogalamu oposa 360, chopisa m'mabowo a m'fupa la ntchafu ndi la msongolo koma chodutsa kunja kwa mfundo, nsonga zake atazipana ndi timachubu tachitsulo m'malo momanga mfundo. Kupana kotere kuli ndi chifukwa. Nayiloni wokhuthala sagwira mfundo bwino, ndipo pa mfundo m'pamene chingwe chimafookera ndi kumasukira.

Ku Canada anatsata njira ina. Madokotala a sukulu ya ziweto ya Université de Montréal ku Saint-Hyacinthe, kuphatikizapo André Desrochers, Sylvain Nichols ndi Caroline Constant, anagwirizana ndi mainjiniya a École de technologie supérieure ku Montréal kuluka chingwe cha timawaya ta nitinol. Ichi ndi chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium, chimene chinatulukiridwa cha m'ma 1960 pa labotale ya asilikali a m'madzi a ku America. Chimatha kutamuka kwambiri n'kubwerera mmene chinalili osapindikiratu, ndipo n'chifukwa chake amapangira mawaya owongolera mano ndi timachubu totsegula mitsempha ya magazi ya mumtima. Anachisankha poganizira kuti mtsempha wamoyo sungokhala wolimba chabe. Umatamuka pang'ono ukalandira katundu wadzidzidzi, kenako n'kukana. Chingwe chouma gwa chimapereka kugunda konse ku fupa pamene chamangiriridwa, ndipo m'kupita kwa nthawi chimakuza bowolo. Chotamuka kwambiri nacho chimalola bondo kugwedera. Pakati pa ziwirizi m'pamene mainjiniya akufunafuna.

Ntchito imeneyi ndi yoyamikika, koma tiyenera kunena poyera pamene yafika. Zambiri mwa zoyesazi zachitikira pa miyendo ya ng'ombe zophedwa kale, yomangiriridwa pa makina. Ng'ombe zamoyo zimene zaikidwa zingwe zoterezi n'kutsatiridwa kwa nthawi yaitali ndi zowerengeka. Makina amakoka chingwe kamodzi mpaka chiduke, kapena kupinda mwendo kwa kanthawi. Ng'ombe yamoyo imaponda kambirimbiri pa tsiku, imatembenuka mwendo uli pansi, ndipo nthawi iliyonse ikamadzuka imayamba kukweza kumbuyo, bondo n'kuwongoka kuchokera popindikiratu litasenza kulemera kwa thupi. Chingwe sichiduka chifukwa chokokedwa kamodzi mwamphamvu ayi. Chimadyeka pa mlomo wa bowo la fupa, pamene chimakhulana ndi fupa tsiku ndi tsiku. Mabowonso akaphonya pang'ono malo oyenera, chingwe chimakhala cholendewera mwendo ukapindika, n'kukungika mopitirira ukawongoka. Mtsempha wamoyo ukang'ambika timinyewa tochepa, thupi limakonza mwakachetechete. Chingwe cha kufakitale sichidzikonza, ndipo chimene chadyeka lero chadyekeratu.

Madokotala a anthu anaphunzira izi movutikira. Kuyambira m'ma 1970, David Jenkins ku Cardiff ankayesa ulusi wa carbon, ndipo m'ma 1980 kunabwera mitsempha yochita kupanga ya Dacron, ya Leeds-Keio ndi ya Gore-Tex. Wa Gore-Tex unaloledwa ku America mu 1986, koma pofika 1993 unachotsedwa pamsika. Poyamba odwala ankachira msanga ndipo aliyense ankasangalala. Patapita zaka, zingwe zinayamba kuduka, ndipo tinyenyeswa take tinkatupitsa mawondo. Lero madokotala ambiri a anthu anabwerera ku kalamba kodulidwa m'thupi la wodwala yemweyo, ngakhale mitundu yatsopano monga LARS ya ku France ikugwiritsidwabe ntchito m'mayiko ena. Wina anganene kuti mbiri imeneyi ikutseka nkhani ya ng'ombe. Ine sindikuona choncho. Mnyamata wa zaka 20 amafuna bondo lomutumikira zaka 50 akusewera mpira. Ng'ombe ya mkaka imafuna zaka zitatu kapena zinayi zoyenda kuchoka pogona kupita podyera ndi pokamira popanda ululu. Chingwe cholephera pa munthu chikhoza kukwanira pa ng'ombe.

Ndipo apa m'pamene pali mtima wa nkhani yonse, mmene ine ndikuionera. Chingwe chochita kupanga tisachiyese mtsempha watsopano. Ntchito yake ikufanana ndi ya mitengo imene amisiri amachirikizira linta mpaka simenti itauma. Bondo likagwidwa kuti lisagwedere kwa miyezi iwiri kapena itatu, thupi limamanga chipsera chokhuthala kuzungulira mfundo yonse, ndipo m'kupita kwa nthawi chipseracho ndicho chimagwira bondo. Chingwe chikaduka chipsera chitakhwima, ng'ombe imatha kupitiriza kuyenda. Chikaduka sabata yachiwiri, zonse zabwerera poyambira. Choncho pofunsa za chingwe chatsopano, tisamafunse kokha kuti chimaduka pa manyutoni angati. Tifunse ngati chingapirire miyezi yoyambayo, ndiponso ngati m'bondomo mwatsala choti n'kupulumutsa. Meniscus ikakhala itang'ambika kale, chicherewecherewe chitadyeka mpaka fupa kuonekera, ngakhale chingwe chabwino motani sichichotsa ululu. Ng'ombe yofika kwa dokotala masiku oyambirira ili ndi mwayi umene yofika patatha miyezi itatu ilibe.

Palinso zoopsa zina zimene chingwe sichingathetse. Kugoneka ng'ombe tulo ta opaleshoni ndi ntchito yaikulu payokha. Chifu chake chimakhala chodzaza nthawi zonse, motero amaimana chakudya kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'kuilowetsa chubu kukhosi kuti zakudya zobwerera zisalowe m'mapapo. Ikagonera mbali imodzi kwa maola, mpweya umadzaza m'chifu, ndipo kulemera kwake komwe kumaphinja minofu ndi mitsempha ya mwendo wapansi, mwakuti ina imalephera kudzuka ngakhale bondo litakonzedwa bwino. Mphindi yoopsa kwambiri ndi ya kudzuka koyamba, ng'ombe ikadali yoledzera ndi mankhwala. Kuterereka kumodzi kumatha kuwononga ntchito ya maola atatu. N'chifukwa chake zipatala zazikulu zimakhala ndi malamba oinyamulira kapena thanki ya madzi ofunda yoiyandamitsira. Kenako pamatsatira masabata 6 mpaka 8 m'chipinda chake chokha, pansi posaterera, pogona pofewa.

Nanga tizilombo toyambitsa matenda? Ng'ombe imagona pa ndowe, ndipo bala lili pamalo ovuta kumanga bandeji. Tizilombo tikafika pa chingwe timamatirira n'kudzikuta ndi utoto umene mankhwala salowa bwino. Chingwe choluka chili ndi timipata tambiri tobisalamo kusiyana ndi cha ulusi umodzi wosalala, ndiye kuluka kumene kumachipatsa mphamvu kumabweranso ndi vuto lake. Mafinya akalowa m'mfundo, kawirikawiri chingwe chimayenera kuchotsedwa. Ndipo pa nyama yodyedwa, mankhwala aliwonse opha tizilombo kapena ochepetsa ululu, monga meloxicam ndi flunixin, ali ndi masiku ake oti mkaka ndi nyama zisagulitsidwe.

Wina angafunse kuti bwanji osatengera zimene zikuyenda bwino pa agalu. Kumeneko njira yotchuka ndi imene Barclay Slocum anafotokoza mu 1993: kudula mutu wa fupa la msongolo, kuutembenuza pang'ono kuti fupa la ntchafu lisamatsetserekepo, n'kuumanga ndi chitsulo ndi masikuluwu. Mtsempha sufunikanso. Koma kudula dala fupa la ng'ombe yaikulu imene idzaimirira tsiku lomwelo n'kuika moyo wake pachiswe, pakuti zitsulo zimene zilipo sizinapangidwire katundu wotere.

Tsono opaleshoni ya chingwe ndi ya ng'ombe ziti? Kunena zoona, ndi ya zochepa. Ndi ya nkhunzi ya mbewu yamtengo wapatali, imene ngakhale isakwerenso, umuna wake ungathe kutengedwa ndi kusungidwa. Ndi ya ng'ombe yaikazi ya mtundu wosankhika imene mazira ake akufunidwa, kapena ya bere lalikulu yoti ingofika pobereka. Ndi ya ng'ombe zimene eni ake amaziweta mozikonda osawerengera phindu. Imafuna chipinda cha opaleshoni chokhala ndi tebulo lonyamula nyama yaikulu, makina ogonetsera ndi anthu odziwa, zinthu zimene zimapezeka makamaka pa zipatala za mayunivesite akuluakulu. Kwa mlimi wa mkaka wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu amene ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola, mtengo wake ungapose wa ng'ombe yomwe. Ng'ombe zathu za makolo, zimene kulemera kwake kuli pafupifupi theka la Holstein, n'zimene thupi lake lingalole bwino opaleshoni yotere, komabe n'zimene sizingalipiriridwe. Ngati pali chimene ophunzira udokotala wa ziweto ku Bunda kapena ku University of Zambia angatolepo lero, ndikuganiza kuti ndi njira yosoka mothinitsa kunja kwa mfundo ija, imene imayenda bwino pa nyama zopepuka, pamodzi ndi luso lozindikira vutoli ndi manja pamene palibe makina ojambulira.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ng'ombe imene singachitidwe opaleshoni koma ikusungidwabe. Mlimi amayembekezera kuti ipeza bwino, amagula jekeseni sabata ino ndi sabata yamawa, ndipo m'pomveka, chifukwa ng'ombeyo ndiyo sukulu fizi ya ana. Koma ng'ombe sionetsa ululu mofuula. Imangodya pang'ono, kugona nthawi yaitali, mkaka n'kumatsika, thupi n'kumatha. Ngati dokotala watsimikiza kuti mtsempha unadukiratu pa ng'ombe yolemera ndipo palibe kokaikonzera, kuipha msanga, isanaonde ndiponso masiku a mankhwala atatha, n'kuichitira chifundo, ndipo mlimi amapulumutsako mtengo wa nyama. Zotsalazo zikhoza kutetezedwa ndi zinthu zotsika mtengo: simenti ya m'khola ikhale yokhakhala kapena yolembedwa timizere, ndowe zizichotsedwa tsiku lililonse, ng'ombe yofuna nkhunzi ipatulidwe pa dothi, yongobereka kumene isakakamizidwe kudzuka pamalo poterera, ndipo nkhunzi ya miyendo yowongoka mopitirira isasankhidwe kukhala ya mbewu.

Koma asanagamule za mpeni, dokotala atsimikize kuti vuto ndi mtsempha wopingasanawu, chifukwa pali vuto lina la bondo lomweli limene mathero ake ndi osiyana kotheratu. Nthawi zina kafupa ka pamwamba pa bondo kamakodwa pa mphuno ya fupa la ntchafu. Mwendo umauma utatambasukira kumbuyo, ng'ombe imakoka chiboda pansi, kenako mwendo umamasuka mwadzidzidzi n'kudumphira m'mwamba. Zimaoneka kwambiri m'mawa ikangodzuka, n'kumachepa ikayenda pang'ono, ndipo bondo silitupa ngati la mtsempha woduka. Vutoli ndi lofala pa ng'ombe zolima ndi njati zoweta ku India, ndipo mlimi wa ngolo ayenera kulidziwa. Mankhwala ake si kuikamo chingwe, koma kudula umodzi mwa mitsempha itatu yogwira kafupako, wa mbali ya m'kati. Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo, kucheka pang'ono, ndipo nthawi zambiri ng'ombe imachoka pamenepo ikuyenda bwinobwino.